Mutu 6: Wailesi Atseka Pakamwa pa Mphepo

1. Kalikhweru

Pasukulu ponse panalibe amene ankamuitana dzina lake lenileni. Kuyambira Ahedi mpaka mlonda wa pageti, onse ankangoti Wailesi, chifukwa mtsikanayu akatsegula pakamwa m'mawa ankadzatseka atagona. Akapanda kulankhula ndiye kuti akuimba. Ndipo tisamunamizire, kuimbako ankakutha. Mawu anali nawo, osati zamasewera.

N'chifukwa chake mphunzitsi wa kwaya anamusankha kuti adzaimbe yekha pa tsiku lopereka mphoto. Tsiku limenelo kunkabwera mayi wina wa ku kwaya yaikulu ya achinyamata, kudzasankha mwana woti akalowe m'kwayayo. Mwana mmodzi basi. Wailesi anali atadziona kale ali m'kati, ndipo anali atauza aliyense, ngakhale amene sanamufunse.

Mphunzitsi wa kwayayo ana ankawatcha a Bwerezani. Muimbe bwino, muimbe ngati achule, mawu awo anali amodzimodzi: "Bwerezani!"

Zokonzekera zinkachitikira m'holo yatsopano. Holoyo inali yokongola, koma mawindo ake anali osatsegula, poopa fumbi ndi phokoso la magalimoto a mumsewu. Mpweya unkabwera m'mapaipi akuluakulu a malata obisika kudenga ndi m'makoma, n'kumatulukira pa timawindo ta waya. Kawindo kamodzi kotere kanali kukhoma la pansanja, chapamwamba pang'ono, kumbuyo kwenikweni kwa pamene Wailesi ankaima.

Kawindo kameneka ndi kamene kanaputa nkhondo. Kankaliza kalikhweru koonda, fyiii, osapuma. Ana enawo sankakamva n'komwe. Koma Wailesi, ndi makutu ake a woimba, ankakamva mpaka m'mano.

"Aphunzitsi, kachinthu aka kakundisokoneza," anadandaula. "Ine ndikamakweza mawu, iko kali pakatikati, kumandikoka."

"Kakukoka ndi chingwe? Sunthira kutsogolo pang'ono, sukamvanso."

"Kutsogoloko kulibe getsi, Aphunzitsi. Nkhope yanga sidzaoneka."

"Anthu akubwera kudzamva nyimbo, osati kudzaona mphuno yako. Bwerezani!"

Wailesi sanasunthe. Kusuntha iye? Pamene pankagwera kuwala konse kwa getsi lalikulu? Mukanamuuza kuti asiye kudya, mwina akanavomera.

2. Chenjezo la Azakhali

Wailesi ankakhala ndi azakhali ake, mlongo wa bambo ake. Azakhaliwo anali mmisiri wa za mpweya m'nyumba zikuluzikulu, ndipo mapaipi a m'holo muja anaika ndi iwowo. Anali mayi wamfupi, wosachedwa kuseka, koma pa ntchito sankafuna zibwana.

Madzulo ake Wailesi anawapeza pakhonde atavala ovololo, akupukuta masipanala.

"Azakhali, makina anu aja akulira ngati mwanapiye. Mukawazimitse tsiku la mphoto."

"Ndizimitse mpweya anthu atadzaza holo yosatsegula mawindo? Ukufuna udzaimbire anthu okomoka?"

"Ndiye mungotseka kawindo ka kumbuyo kwanga kokhako."

Azakhali anaika sipanala pansi. Anatola zitsekerero ziwiri za mabotolo, n'kuziika patebulo motalikirana.

"Khala pansi, mwana wa achimwene, ndipo lero pakamwapo upapumitse. M'paipi iliyonse ya m'holo muja ndinaikamo timakutu tiwiri, tating'ono ngati iti. Kena kuno, kena uko, tikuyang'anana. Aka kamaitana, kanzake n'kumva. Kenaka kanzakeko kamaitana, aka n'kumva. Mawu ake ndi oonda kwambiri moti khutu la munthu silingawagwire, ngakhale lako lonyadalo. Tsono mawu akamayenda limodzi ndi mphepo amafika msanga, chifukwa mphepoyo imawabereka. Akamayenda molimbana nayo amachedwerapo. Timakutu tija timangoona kusiyana kumeneko. Kusiyana kukakula, ndiye kuti mpweya ukuthamanga. Kukachepa, mpweya wafooka. Kukasoweratu, mpweya waima."

"Ndiye tikadziwa timauza ndani?"

"Timauza kabokosi kali m'chipinda cha makina, ndipo kabokosiko ndi kamene kamalamula chifani chachikulu chokankha mpweya chili padenga. Apa ndiye utchere khutu. Kabokosi kaja kalibe maso. Kamakhulupirira chilichonse chimene timakutu tanena. Ukatseka kawindo, iko sikadziwa kuti kuli mtsikana wofuna kuoneka bwino pagetsi. Kamangoti, ogo, ana anga akubanika kunsanja, n'kuuza chifani kuti limba. Kakamva kuti palibe chasintha, kamati limbanso. Sikapupuluma ayi, kamawonjezera pang'onopang'ono, koma sikasiya. Munthu amatopa, amachita manyazi, amati basi ndayesetsa. Makina sadziwa zimenezo. Ndipo mphepo ukaitsekera khomo ili, siibwerera kwawo. Imakatulukira kwa anzako amene sanalakwe."

"Nanga likhwerulo?"

"Kawaya kena kapindika, ndi nkhani yaing'ono. Ndidzakawongola mphoto zikadutsa. Panopa ndili ndi ntchito kuchipatala, kuchipinda cha ana. Ayambe apuma odwala, oimba pambuyo. Iwe sunthira kutsogolo monga akuuzira aphunzitsi ako. Koma dzanja lako ndisalimve kuti lakhudza kawindo kaja. Chinthu chimene sunachimange, usamachikonze uli wekha. Ndadziwakale anamanga nyumba yopanda khomo. Wamva?"

"Ndamva, Azakhali."

Kumva anamvadi. Koma mawuwo analowera khutu ili, n'kutulukira linali, osakhalako pansi ngakhale pang'ono.

3. Pilo wa alendo

Tsiku la mphoto Azakhali analawirira kuchipatala. Atangotseka chitseko, Wailesi analowa m'chipinda cha alendo. Pabedi panali pilo wamkulu wa nthenga, wa nsalu ya maluwa obiriwira, amene Azakhali sankalola kuti mutu wa munthu wa pakhomopo umukhudze. Wailesi anamupinda, n'kumukankhira m'chikwama cha mabuku mpaka zipi analira.

Pageti la sukulu anakumana ndi mnzake Mthunzi. Ameneyu anali mtsikana wamantha, woonda, ndipo dzinalo anamupatsa chifukwa kulikonse kumene Wailesi wapita, iye ali pambuyo.

"Chikwama chatupa bwanji lero?" anafunsa Mthunzi.

"Usafunse zambiri. Tiye ukandigwirire mpando."

M'holo munalibe munthu. Mipando inali itayalidwa kale, ndipo kutsogolo kunali tebulo la alendo lovekedwa nsalu yoyera. Kalikhweru kaja kanali pa ntchito yake, fyiii.

Wailesi anakokera mpando kukhoma la pansanja, n'kukwera. Kawindo ka waya kanali kongopanikiza ndi tizitsulo, ndipo atakakoka kanatseguka mosavuta. Mphepo yozizira inamuwomba kumaso.

"Iwe, azakhali ako sanakuletse zimenezi?" Mthunzi ananong'ona, akunjenjemera limodzi ndi mpandowo.

"Akuluakulu amakonda kuopseza. Ndikungotseka kamodzi kokha. Tinato tilipo tambirimbiri, anthu apuma."

"Nanga akadziwa?"

"Adziwa bwanji? Nyimbo ikatha ndidzachotsa, ndikabwezera pabedi. Gwira mpando, usandigwetse!"

Anatulutsa pilo uja n'kumulowetsa m'paipi. Pilo anakana, iye anamukankha ndi chibakera. Anakananso, anamukankha ndi chigongono, mpaka anadzaza paipi yonse kuti thi. Kenaka anabwezera kawindo n'kutsika.

"Tamvera," anatero.

"Sindikumva kanthu."

"Ndi zomwezo! Zii. Anthu amapita kusukulu zaka zambirimbiri kukaphunzira zinthu zimene pilo akhoza kukonza."

Anapukuta m'manja monyadira, n'kutuluka kukavala yunifolomu ya kwaya. M'paipi muja, kuseri kwa pilo, timakutu tiwiri tinaitanizana. Mawu anapita, mawu anabwera, osasiyana ngakhale pang'ono. Tinauza kabokosi kuti kunsanja mpweya waima.

4. Limba, limbanso

Holo inadzaza. Makolo anabwera atatchena, ena ndi zipewa, ena ndi majekete a pa ukwati. Mayi wa kwaya yaikulu anakhala patebulo la alendo, magalasi ali pamphuno. Kwaya inafola pansanja, Wailesi ali pakati, getsi likumuwalira bwinobwino.

Ahedi anaimirira ndi mulu wa mapepala. Anali bambo wamkulu thupi, wokonda kulankhula, ndipo malo awo olankhulira anali pansi penipeni pa kawindo kena ka kudenga.

Poyamba kunali kamphepo kabwino, makolo n'kumagwedeza mitu kuti koma holo iyi ndiye holo. Ahedi asanamalize kulonjera alendo, amayi anayamba kufunda nsalu. Atafika pa mbiri ya sukulu, tayi wawo ananyamuka n'kukagona paphewa. Anamubweza. Ananyamukanso.

Kenaka pepala lapamwamba linauluka. Lachiwiri linalitsatira. Ana a kutsogolo anathamanga kukatola, n'kuwabwezera mmene anawatolera. Ahedi, posafuna kuoneka osokonezeka, anangopitiriza kuwerenga.

"Pomaliza, ndikuthokozeni nonse chifukwa chobwera."

Makolo anaomba m'manja ndi chimwemwe chenicheni. Ahedi anatembenuza pepala.

"Poyamba, ndikulandireni nonse."

Bambo wina kumbuyo anabuula mokweza. Nthawi yomweyo chipewa chake chinanyamuka, n'kugubuduka m'kanjira ka pakati mpaka kutsogolo, mwini wake ali pambuyo chowerama. Chimkuzamawu chinayamba kulira ndi mphepo moti anachizimitsa. Kudenga kunkamveka huuu, ngati chilole chikukwera phiri.

Wailesi anacheuka kuyang'ana Mthunzi, koma Mthunzi anali atatseka maso akupemphera.

Ahedi anagonja n'kukhala pansi atagwira tayi ndi dzanja. A Bwerezani anakweza kamtengo kawo, kwaya n'kuyamba. Pepala la nyimbo linawathawa pa mzere woyamba, koma iwo anangopitiriza kugwedeza kamtengoko ngati akuingitsa ntchentche.

Nthawi ya Wailesi inakwana. Anatsegula pakamwa n'kutulutsa mawu ake onse aja, amene anawasunga sabata yonse osamwa madzi ozizira. Iye mwini sanadzimve. Anayang'ana patebulo la alendo, n'kuona mayi wa kwaya yaikulu ataika dzanja kukhutu, akusuzumira kutsogolo. Anakweza mawu. Chifani nacho chinakweza. Anakwezanso, mitsempha ya m'khosi ili nga nga nga, misozi ikulengeza. Abale inu, munthu angapikisane ndi chitsulo?

Panatsala mawu omaliza, okwera kuposa onse. Wailesi anakoka mpweya, anayasamula kukamwa konse, ndipo kumbuyo kwake kunamveka phuu!

Kawindo kanafwamphuka. Pilo anakodwa pa tizitsulo n'kung'ambika pamimba, ndipo nthenga zonse zinatuluka nthawi imodzi. Zinakuta kwaya. Zinakwera kudenga, mphepo ya timawindo tina n'kuzimwaza holo yonse. Zina zinakamatira pa dazi la Ahedi, limene linali ndi thukuta. Imodzi, yaikulu bwino, inalowa m'kamwa mwa Wailesi n'kukafika pakhosi. Nyimbo inathera pa chifuwa.

A Bwerezani anaima kakasi, kamtengo kali m'mwamba, nthenga zili m'nsidze. Pakamwa pawo panatuluka mawu amene panazolowera.

"Bwerezani!"

Ana anagwa nacho chiseko. Makolo anayesa kudzigwira, koma zinakanika. Mayi wina anaseka mpaka anatsamira munthu wosamudziwa.

M'paipi muja mpweya unayambanso kuyenda. Timakutu tinauza kabokosi, kabokosi kanauza chifani, ndipo chiphokoso chija chinatsika pang'onopang'ono mpaka kunatsala kamphepo kabwino ka poyamba kaja. Nthenga zinkatera mwaulemu pamitu ya anthu.

5. Mwapezamo chiyani?

Ahedi okha ndi amene sanaseke. Anatumiza uthenga kuchipatala kuti mmisiri abwere msanga, ndipo analamula kuti kwaya isachoke pansanja. Makolo ambiri nawo sanachoke. Ndani angasiye nkhani yotere pakati?

Akudikira, mayi wa kwaya yaikulu anakwera pansanja akudzikutumula. Anamugwira Wailesi paphewa.

"Mwanawe, pepa. Pakamwa ndimapaona kuti pakugwira ntchito, koma sindinamve kanthu. Si mlandu wako, ndi makinawa. Ndibweranso sabata yamawa udzandiimbire bwinobwino. Aphunzitsi ako akuti ndiwe waluso, ndipo ukuoneka wamwambo. Ine ana osamva sinditenga, ngakhale aziimba ngati angelo."

Mtima wa Wailesi unadumpha ndi chimwemwe. Mwayi unali usanathe! Koma chimwemwecho sichinakhalitse, chifukwa pakhomo panatulukira Azakhali, ali mu ovololo, bokosi la zida lili kumanja. Anaima, anayang'ana nthenga pansi, anayang'ana kudenga.

"Mayi, onani manyazi amene mwatichititsa!" Ahedi anakuwa. "Munasiya mapaipi osatseka padenga, nkhunda zamangamo zisa. Nthenga zonsezi ndi khola lathunthu!"

"Nkhunda za m'paipi zimakhala zakuda ndi fumbi, Ahedi. Izi zayera bwanji? Ndiloleni ndione."

Anakwera pampando, n'kulowetsa mkono wonse m'paipi. Wailesi ankaona chilichonse, chifukwa anali pafupi. Anaona dzanja likutuluka ndi nsanza ya nsalu ya maluwa obiriwira. Anaona Azakhali akuiyang'ana nthawi yaitali. Kenaka anaikwinya m'dzanja, n'kuilowetsa m'thumba la ovololo, msana atalozetsa kwa anthu.

"Mwapezamo chiyani?" anafunsa Ahedi.

"Makina alibe vuto. Achita zimene anauzidwa."

"Anauzidwa ndi ndani?"

Azakhali anabwezera kawindo, anawongola kawaya kopindika kaja ndi pulayazi, n'kutsika.

"Mwaona? Alibe choyankha!" Ahedi anatembenukira kwa makolo. "Mayi, ngati simundiuza chimene chachitika, ntchito yanu pasukulu pano yatha lero. Ndipo sindikhala chete. Ndikauza anzanga a masukulu ena, ndi akuchipatala komwe mwachokerako, kuti asamale ndi ntchito zanu."

Apa chiseko chinatha. Aliyense ankadziwa kuti mmisiri amadya dzina lake, ndipo dzina likaipa, mafoni amasiya kulira.

Azakhali anatseka bokosi lawo. Podutsa pamene panaima Wailesi, anaima ngati akumuchotsa nthenga m'tsitsi, n'kulankhula motsitsa kuti amve yekha.

"Ine sinditchula munthu. Mwana wa achimwene sindingamuimike pamaso pa anthu onsewa. Ngati kwayayo ukuifuna, khala chete, uipeza. Ine ndidzaona pogwira."

Mawu amenewa anamupweteka Wailesi kuposa mbama. Akanamukalipira bwenzi zili bwino. Anachita manyazi moti sanathe kuwayang'ana kumaso.

Ahedi anali asanamalize. Maso awo anayendayenda pansanja n'kuima pa iye.

"Iwe Wailesi. Unaima pafupi kuposa aliyense, ndipo m'mawa mlonda anakuona ukulowa muno molawirira. Tiuze pamaso pa makolo ndi pamaso pa mlendo wathu. Unaona nkhunda, kapena unaona chiyani?"

Mthunzi anayamba kulira chamumtima, mapewa akugwedezeka. Mayi wa kwaya yaikulu anamumwetulira Wailesi momulimbikitsa. Azakhali ananyamula bokosi lawo, anatsika pansanja, n'kuyamba kuyenda m'kanjira ka pakati kulowera kukhomo. Ankayenda pang'onopang'ono, phewa limodzi litapendekeka ndi kulemera kwa zida, ndipo sanacheuke.

"Tikudikira," anatero Ahedi.